Chikwama cha masiku atatu pa Mulanje, sabata yachisanu yokonzekera

Loweruka ndinakwera phiri la Michiru nditabereka chikwama changa chatsopano, muli katundu yense amene ndikufuna kudzanyamula ku Mulanje. Potsika ndinathamanga mpaka pansi osamva kanthu kakundigunda kumsana. Mtima wakhala pansi, chifukwa nkhani ya chikwamayi yandisowetsa tulo mwezi wathunthu.

Ulendo wa ku Mulanjewu uli motere. Ndidzayambira pa Likhubula ndi wotsogolera njira wa pompo, kukwera njira ya Skyline kukagona m'nyumba ya paphiri ya ku Chambe, mawa lake kukagona m'nyumba ya ku Chisepo, tsiku lachitatu kulawirira pa Sapitwa, nsonga yayitali koposa ya phirili, pamamita 3,002, kenako n'kutsika. Pokwera ndiziyenda ndawala, pamalo athyathyathya ndi potsetsereka ndizithamanga.

Chikwama changa chakale ndi cha malita 50, ndinachigula pa kaunjika. Chili ndi zitsulo ziwiri kumsana ndi lamba wokhuthala wa m'chiuno. Poyenda pang'onopang'ono chilibe vuto. Koma ukangoti uthamange, katundu amadumpha n'kubwerera pamapewa, ndipo lamba uja anandisupula khungu m'chiuno mbali zonse ziwiri. Pothamanga chiuno chimapotoka uku ndi uku, ndiye chilichonse chimene wachimangirira pamenepo chimakukhula.

Chatsopanochi chimavalidwa ngati vesiti. Malamba a pamapewa ndi otambalala, amakuta nthiti, ndipo pachifuwa pali tizingwe tiwiri totamuka timene umatikweza kapena kutitsitsa. Chimakhala m'mwamba, chakukumbatira, chiuno chili pa ufulu. Kutsogolo kuli matumba: awiri a mabotolo ofewa a theka la lita, ena a foni ndi mtedza. Ichi ndiye ndachikonda koposa. Ndimamwa madzi ndi kudya osaima, pamene kale ndinkachita kutula chikwama pansi, n'kumangoti ndimwa kutsogolo mpaka kukhosi kuuma gwa.

Pa kukula kwake ndinavutika maganizo. Cha malita 20 chinandikopa chifukwa chopepuka, koma sleeping bag (thumba logonamo) ndi jekete zinangochidzaza ndisanaikemo chakudya. Cha malita 40 chimasiya mpata, ndipo katundu wa m'chikwama chosadzaza amagwedezeka. Ndiye ndinaunjika zonse pamphasa, ndinazipima pa sikelo ya mbedza yopimira chimanga, n'kupita nazo kukayesa. Zinakwana bwino m'cha malita 30, chotseka mopinda kukamwa, moti chakudya chikamachepa ndimangopinda kawiri kapena katatu chikwama n'kufupika.

Mulanje weniweniyo amathandiza kupeputsa katundu. M'nyumba zogonamo za paphiri muli alonda ndi nkhuni, choncho tenti ndaisiya. Mitsinje ndi yambiri, sindisowa kusenza madzi oposa lita imodzi, amene ndi kilogalamu yathunthu. Zonse pamodzi, ndi ufa wa phala, soya, chiponde, tiyi ndi shuga, zikulemera makilogalamu 7. Sindikufuna kupitirira apa. Chikwamachi chilibe zitsulo, ndiye kulemera konse kumathera pamapewa. Nditayesa kuwonjezera mabotolo awiri akuluakulu a madzi, khosi linayamba kuwawa ola lisanathe.

Kalongedzedwe nako ndaphunzira. Kumsana ndimayamba ndaika kamphasa ka siponji kopinda, kuti kapoto kasandibaye. Sleeping bag pansi, chakudya cholemera pakati chogundana ndi msana, jekete ya mvula pamwamba penipeni. Nsalu ya chikwamachi imalowa madzi m'misoko, ndipo amene anakumanapo ndi chiperoni akudziwa mmene nkhungu ndi mvula yowaza ija zimanyowetsera chilichonse. Ndaikamo thumba la pulasitiki lokhuthala mkati monse. Zovala zogonera zikanyowa usiku wa mu Julaye ku Chisepo, ndi ngozi yeniyeni.

Chatsala chimodzi. Mphepete mwa lamba wakumanja mukundikhula pafupi ndi khosi ndikatuluka thukuta, pasiya kale kachizindikiro kofiira. Ndasokerapo kansalu kofewa, ndipo ndagula malaya okhala ndi kolala. Sabata yamawa ndikukayesa ku Zomba, kukwera phiri m'mamawa ndi katundu yemweyu, kugona komweko, n'kuona mmene mapewa adzadzukire tsiku lachiwiri.