Mapuloteni a pakhungu la selo ndi nkhani ya kunenepa

Ambiri tinayamba kumva za CD4 kuchipatala, pa nkhani ya HIV, ndipo timaidziwa ngati nambala yosonyeza kuchuluka kwa asilikali a m'thupi. CD4 yeniyeniyo ndi puloteni yokhala pakhungu la maselo ena oteteza thupi, ndipo kachilomboka kamayamba kugwira pamenepo polowa m'selo. Selo iliyonse ili ndi mapuloteni ambirimbiri oterowo pakhungu pake: ena amalandira uthenga wa mahomoni ndipo amatchedwa ma receptor, ena amalowetsa shuga kapena mafuta, ena amazindikira adani. Gawo la maphunziro athu limene tamaliza kumene linali loona mmene mapuloteniwa amakhudzira kunenepa ndi matenda a shuga, ndipo mfundo imene yandikhala m'mutu ndi yakuti m'thupi la munthu wonenepa kwambiri uthenga umakhalapo wochuluka, koma polandirira pake ndi pamene pamagontha.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha mbewa za Douglas Coleman wa ku Jackson Laboratory, ku Maine m'dziko la America. Iye anali ndi mitundu iwiri ya mbewa zonenepa mopitirira muyezo, ob/ob ndi db/db, zimene poziona zinkafanana. Analumikiza mbewa ziwiriziwiri pozisoka pakhungu kuti magazi azidutsa kuchoka kwa ina kupita kwa inzake. Mbewa yabwinobwino ikasokedwa ndi db/db inkasiya kudya mpaka kufa ndi njala chakudya chili pomwepo, pamene db/db inkangodyabe. Nayo ob/ob ikasokedwa ndi db/db inkasiya kudya n'kuwonda. Coleman anaona kuti m'magazi muli chinthu chouza ubongo kuti thupi lakhuta, ndipo ob/ob sichipanga, pomwe db/db imachipanga chambiri koma sichimva. Mu 1994 gulu la Jeffrey Friedman pa Rockefeller University ku New York linapeza jini ya homoniyo, imene inatchedwa leptin, ndipo pasanapite zaka ziwiri zinadziwika kuti db/db ili ndi vuto pa receptor ya leptin, imene imagwira ntchito makamaka m'gawo la ubongo lotchedwa hypothalamus. Anthu obadwa opanda leptin alipo, monga ana awiri apachibale amene madokotala a ku Cambridge anawafotokoza mu 1997, ndipo oterowo jekeseni ya leptin imawathandiza kwambiri. Koma ndi ochepa zedi. Anthu onenepa ambiri ali ndi leptin yochuluka kale m'magazi, choncho kuwawonjezera ina sikusintha zambiri.

Nkhani ya insulini, homoni yothandiza shuga kulowa m'maselo, inanditengera nthawi chifukwa imadutsa m'chitetezo cha m'thupi. Mu 1993 Gökhan Hotamisligil ndi Bruce Spiegelman ku Boston anasonyeza kuti mafuta a mbewa zonenepa amatulutsa TNF-alpha, puloteni imene inkadziwika kuti imayambitsa kutupa thupi likamalimbana ndi matenda. Mu 2003 ofufuza a pa Columbia University anapeza kumene yambiri imachokera: m'mafutamo mumadzaza maselo oteteza thupi otchedwa macrophage, amene m'mbewa yowonda safika 10 pa maselo 100 alionse a m'mafuta, koma m'mbewa yonenepa kwambiri amatha kupitirira 40. Pa zithunzi za maikulosikopu zimene tinaonetsedwa, selo ya mafuta imaoneka ngati bwalo loyera lopanda kanthu, ndipo imene yafa chifukwa chofufuma kwambiri imakhala itazunguliridwa ndi ma macrophage othithikana m'mbali mwake monse, akudya mafuta otayikawo. Ma macrophage amabwera chifukwa mafuta opanikizika amatulutsa puloteni yoitana maselo yotchedwa CCL2, ndipo maselo a m'magazi okhala ndi receptor yake, CCR2, pakhungu pawo amatsatira uthengawo.

Kuchokera pamenepo zinthu zimayenda motsatizana. TNF-alpha imagwira receptor yake pa selo ya mafuta kapena ya minofu, ndipo m'kati mwa selo mumadzuka enzyme yotchedwa JNK, imene imamata phosphate pamalo olakwika a puloteni ya IRS-1, imene imapititsa uthenga wa insulini m'kati mwa selo. Insulini imafika ndithu n'kugwira receptor yake, koma uthenga umathera panjira, moti mapuloteni otchedwa GLUT4, amene amayenera kukwera pakhungu la selo kuti alowetse shuga, amatsalira m'kati. Shuga amakhalabe m'magazi, kapamba amawonjezera insulini kwa zaka zambiri, ndipo akalephera kukwanitsa, matenda a shuga a mtundu wachiwiri amaonekera. Kutupa kumeneku sikupweteka ndiponso sikutenthetsa thupi, n'chifukwa chake munthu amakhala nako osadziwa. 

Chimene ndikuona kuti wophunzira ayenera kusamala nacho ndi chakuti ndondomeko yokongolayi yambiri inachokera ku mbewa. Mankhwala otsekereza TNF-alpha, amene amathandiza odwala nyamakazi, atayesedwa pa anthu a shuga sanasinthe kwenikweni mmene thupi limamvera insulini. Kafukufuku wa CANTOS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017 ndipo anakhudza anthu oposa 10,000, anagwiritsa ntchito mankhwala a canakinumab potsekereza IL-1 beta, puloteni ina yoyambitsa kutupa, ndipo matenda a mtima anachepa, koma chiwerengero cha oyamba kudwala shuga sichinatsike. Mankhwala amene athandiza anthu kuwonda moonekeratu ndi amene amadzutsa receptor ya homoni yotchedwa GLP-1 mu ubongo ndi mu kapamba, monga semaglutide, amene America inavomereza mu 2021 kuti azigwiritsidwa ntchito pochepetsa thupi. Ameneyo amachepetsa chilakolako cha chakudya, ndipo thupi likamatsika zizindikiro za kutupa m'magazi, monga CRP, zimatsikanso. Malinga ndi umboni umenewu, ine ndikuona kuti mwa anthu kutupa n'kumodzi chabe mwa zinthu zingapo zogonthetsa maselo, ndipo kuchotsa iko kokha mafuta akadali ochuluka sikukwanira kubwezeretsa shuga m'malo mwake.