Ndinakweza Hilux yanga m'mwamba koma difu inatsala pansi pomwepo

Mng'ono wanga wina wa kutchalitchi wanditumizira uthenga pa WhatsApp sabata yathayi, akuti achimwene ndagula Hilux nde ndikufuna ndiikwezeko ngati mmene inalili yanu ija, zitsulo zake munakagula kuti? Ndinamuyankha kuti adikire kaye asagule kanthu, tikambirane. Koma poti nthawi ikutivuta tonse ndangoti bola ndilembe pano zonse, iye awerenge, ndi ena amene ali ndi maganizo omwewa aonenso.

Yanga ndi Hilux ya 2012, double cab, ija ya injini ya 3.0 D4D, inachokera ku Joni koma ine ndinaigula kwa munthu konkuno ku Lilongwe mu 2021. Ntchito yanga ndi yogula soya ndi mtedza m'midzi ya ku Ntchisi ndi ku Dowa, komanso amayi anga ali kumudzi mbali ya ku Malomo, nde msewu wafumbi ndi wanga wa tsiku ndi tsiku. Chaka choyamba chonse galimoto ija ndinayenda nayo mmene inabwerera ndipo kunena zoona sinandivutepo. Inkangogunda pansi apa ndi apo ndikalongeza matumba ambiri, basi.

Madamu kunyumba ndinawauza kuti ndikukweza chifukwa cha misewu ya nthawi yadzinja. Zinali zoona pang'ono. Koma chimene chinandikoka kwenikweni ndi maonekedwe, ndinkakhala usiku pa YouTube kuonera anthu a ku Australia akuwoloka mitsinje ndi magalimoto ataliatali, nde ndikayang'ana yanga panja inkaoneka ngati yagwada. Zida zenizeni zokwezera, za Old Man Emu kapena Ironman, zimabwera ndi mashoko ake ndi masipuling'i ake oyezedwa pa galimoto imeneyo, koma mtengo wake nditaufunsa ndinabwerera. Nde munthu wina anandipezera njira yachidule, ma spacer, tizitsulo tozungulira toika pamwamba pa shoko kutsogolo, ndi ma block oika pakati pa masipuling'i ndi ekiselo kumbuyo, kuphatikizapo leaf imodzi yowonjezera mbali iliyonse, chitsulo chachitali chophwatalala chija cha masipuling'i akumbuyo. Zinabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg mu kakatoni kakang'ono koti munthu kunyamula ndi dzanja limodzi.

Amakaniko anga, madala ena ake amene akhala akugwira ma Toyota kuyambira kalekale, atatsegula katoni ija anakhala chete kaye, kenako anati, bwana, izi ndimanga poti mwagula kale, koma mudzabweranso kuno ndi CV, mfundo zija zofikitsa mphamvu ku matayala akutsogolo. Ndinangoseka nkuwauza kuti madala mangani. Atamaliza galimoto inakwera pafupifupi mainchesi atatu, chifukwa kutsogolo kwa Hilux spacer ikakhala yokhuthala inchi imodzi galimoto imakwera pafupifupi kawiri kake, izi ndinazidziwa pambuyo pake. Ndalama ya matayala inali itatha nde ndinatuluka ndi akale omwe aja, 265/65R17. Inkaoneka bwino, zimenezo sindingakane, anthu pa filling station ankaicheukira.

February 2023 ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndikufuna mng'ono wanga uja amve kuposa zonse. Mvula inali itagwa masiku atatu osakata, ine ndikupita kukasiya ufa ndi mankhwala kwa amayi. Pali kadambo kena tisanafike kumudzi pamene lole za fetereza ndi thirakitala zinali zitakumba mikwasa iwiri yakuya, pakati nkutsala kamtumbira ngati mzere wa mbatata. Kale ndikafika pamenepo ndinkatsika kaye, kuyenda wapansi, kuona poponda, pena kuika tayala limodzi pamwamba pa kamtumbira kaja. Tsiku limenelo sindinatsike. Mumtima ndinkati galimoto ndi yaitali iyi. Ndinaika low range, giya yamphamvu ija yoyendera pang'onopang'ono, nkulowa m'mikwasa momwemo, ndipo sindinayende mamita khumi ndinangomva kuti khuu, galimoto nji, matayala akumbuyo akungozungulira m'madzi osagwira kanthu.

Nditatsika nkusuzumira pansi ndinaona bodi ili m'mwamba bwinobwino, pakati pa tayala ndi mudguard mpata woti mwana kulowetsa mutu, koma difu yakumbuyo, chimphika chija chili pakati pa ekiselo, itakhala phwathaa pa dothi. Anyamata a m'mudzi anabwera ndi makasu, wina anagona chafufumimba m'matope nkumakumba pansi pa difu ija pang'onopang'ono, ena akuthyola nthambi ndi kutola miyala, ine ndi jeke amene sankafikanso bwino pa chassis poti galimoto inatalika, mpaka tinachita kubwereka chipika cha ngolo kuika pansi pake. Tinatha maola atatu. Mkulu wina amene ankangoyang'ana atatsamira njinga yake anandifunsa mwaulemu ndithu, kodi bambo, mmene munakweza galimotoyi, chimphikachi munachisiyiranji pansi?

Funso limenelo ndi nkhani yonse. Ekiselo yakumbuyo imakhala pa matayala, masipuling'i ali pamwamba pake. Olo mukweze bodi ndi chassis mainchesi asanu, difu imatsala pomwe inali, chimene chimaikweza ndi kukula kwa tayala basi. Kukweza kumathandiza kuti mimba ya galimoto isakhule pa chitunda, bampala isagunde potsika mu khwawa, ndiponso kuti tayala lalikulu lipeze malo. Koma misewu yathu yadzinja vuto lake lalikulu ndi mikwasa, ndipo m'mikwasa chimene chimakugwira ndi difu.

Nde mmalo mobwerera m'mbuyo ndinapitirira. Nditagulitsa soya ndinakagula matayala a matope, 285/70R17, aja a mano akuluakulu. Tiyeni tiwerenge limodzi: tayala lakale lija kutalika kwake ndi mamilimita pafupifupi 776, latsopanoli 831. Kusiyana 55, koma difu imakwera ndi theka lake lokha, 27, kutanthauza kuti ndalama yonse ija inandigulira mpata wa zala ziwiri pansi pa difu. Zala ziwiri. Ndipo matayalawo anabwera ndi zawozawo. Ndikakhota chiwongolero mpaka kumapeto ankakhula mkati, tinachita kudula pulasitiki ndi kumenya chitsulo china ndi hamala. Sipeya sinkalowanso bwino pansi paja. Galimoto inayamba ulesi ponyamuka, pokwera zitunda za ku Dowa ndi katundu ndinkatsika giya pamalo pomwe kale ndinkadutsa osaganiza. Speedometer nayo inayamba kunama, ikamati 50 ndiye kuti ndikuthamanga 53 kapena 54, poti tayala lalikulu likazungulira kamodzi limayenda mtunda wautaliko, ndipo pa trading centre ina pa M1 ndinalipira chindapusa chifukwa cha zimenezi, kulakwa kunali kwanga. Pa tara phokoso lake wuuuu ngati ndege, wailesi osamveka.

Tsono za CV zimene madala ananena zija. Kutsogolo kwa Hilux imeneyi kulibe ekiselo imodzi yolunga ngati Land Cruiser, tayala lililonse lili ndi mikono yake, ndipo mphamvu imafika ku tayala kudzera mu shaft yaifupi yokhala ndi CV uku ndi uku. Galimoto ili mmene anaipangira shaft imeneyi imakhala pafupifupi yogona. Ukakweza imapendekeka, nde labala ija yokwinyikakwinyika yosunga girisi imayamba kudzikhula yokha mpaka kung'ambika. Ikang'ambika girisi amatuluka, fumbi lathu lofiira lija limalowa nkusakanikirana ndi girisi wotsala, basi chimene chili mkatimo chimakhala ngati mchenga wokwechera mapoto. Yoyamba inang'ambika patangotha miyezi inayi. Ndinasintha labala. Ina mbali inayo. Kenako CV yeniyeni inayamba kulira kuti tha tha tha pokhota ndili mu four wheel. Pofika kumapeto kwa 2023 ndinali nditasintha shaft ziwiri ndi ball joint zam'mwamba, mfundo zolumikiza mikono ija ndi tayala, kawiri, chifukwa nazo zinkagwira ntchito zitapindika mpaka pothera. Ndikadutsa pa hampu kapena tayala likagwera mu dzenje ndinkamva gu kutsogolo, kumene kunali control arm, mkono wogwira tayala uja, ikugunda sipuling'i poti mpata woti tayala litsikire pansi unali utadyedwa ndi spacer ija. Alayimenti ndinapita kangapo, anyamata a pa makina aja ankandiuza kuti bwana caster siikufika, tayesa mpaka pothera (caster ndi muyezo umene umathandiza galimoto kuyenda molunjika), nde galimoto inkangoyendayenda pa msewu, chiwongolero kuchigwira ndi manja awiri nthawi zonse, matayala odula aja nkumadyeka mbali imodzi.

Zonsezi zinkachitika nthawi imene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, masipeya onse ochokera kunja anakwera nthawi imodzi. Dizilo naye, kale pa ulendo wautali lita imodzi inkandiyendetsa makilomita 10 kapena kuposerako, itakwera ndi matayala aja ndinkavutika kufika 8 ndi theka. Munthu wagona pa mzere wa mafuta usiku wonse nkupatsidwa malita owerengeka, kusiyana kumeneko umakumva m'thupi.

Koma ndalama si imene inandipangitsa kumasula. Tsiku lina madzulo ndikuchokera ku Mponela ndi ana kumbuyo, wa kabaza anangotulukira kuchokera m'mbali osayang'ana, ine nkukhotetsa mwadzidzidzi kumuzemba kenako kubwezanso. Sindinkathamanga kwambiri. Galimoto inapendama moti ndinamva mbali imodzi ikupepuka, kumbuyo nkuvina kawiri isanakhazikike. Ndinaima pambali manja akunjenjemera, mwana wamng'ono akulira. Galimoto ikatalika kulemera kwake konse kumakwera m'mwamba, mashoko anali akale omwe aja osapangidwira utali umenewo, ndipo matayala a matope pa tara sagwira ngati mmene amaonekera, olo mabuleki amatenga mtunda. Ndinali ndikudziwa zimenezi m'mutu koma tsiku limenelo ndi pamene zinandilowa.

China ndi amayi. Ali ndi zaka zopitirira 70 ndipo mawondo amawavuta. Kale ankagwira chogwirira chija nkukwera okha. Itatalika, tsiku loyamba kukawatenga kupita nawo kuchipatala anaima pakhomo la galimoto, kuyang'ana mpando, kuyesa kukweza mwendo chitenje nkuwakoka, kuyesanso, kenako anatembenuka nkuti, iwe, kandibweretsere kampando ka kukhitchini. Kuyambira pamenepo kampando kaja tinkayenda nako kumbuyo. Kuchipatala anthu akuyang'ana, ine ndikuika kampando pansi, iwo akutsika cham'mbuyo atandigwira phewa. Sanadandaulepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkandipweteka. Ndipo leaf yowonjezera ija, galimoto ikakhala yopanda katundu kumbuyo kunkauma gwa, pa msewu wa malata uja ankafika msana ukuwawa. Anyamata olongeza matumba a 50 kg nawo ankang'ung'udza kuti bwana galimoto yanuyi ikutithyola misana, ndinkaona ngati akungofuna ndiwawonjezere ndalama koma ankanena zoona.

Nthawi ina ndinafunsa madala aja kuti nanga ma ambulansi a Land Cruiser amene amafika midzi yonse ya dziko lino mvula ili mkati, bwanji sawakweza chonchi? Anati amene aja anabadwa ndi ekiselo yolimba kutsogolo ndi kumbuyo, matayala awo ndi aatali koma owonda, amacheka matope nkukagwira pansi polimba, ndipo madalaivala ake amadziwa poponda. Anati bwana inu munagula tayala lotambalala la mchenga wa kunyanja pomwe mumayenda m'dothi lamakande.

Sindikunena kuti kukweza galimoto konse ndi koipa ayi. Mnzanga wina amene amatenga alendo kupita nawo ku Nyika ndi kukwera msewu wa Golodi kupita ku Livingstonia anamanga Old Man Emu yeniyeni, mamilimita 40 kapena 50 basi, masipuling'i anasankha molingana ndi katundu amene amanyamula tsiku lililonse, ndipo galimoto yake imayenda bwino kuposa mmene inabwerera, CV sanasinthepo chifukwa cha zimenezo. Iye anakweza kuti galimoto isagwade ndi katundu. Ndipo anawauza a inshuwalansi kuti wasintha zinthu, chomwe ine sindinachiganizeko nkomwe chaka chonse chija ndipo ndikakumbukira za wa kabaza uja ndimachita mantha.

Mu April 2024 ndinabwerera kwa madala, tinamasula ma spacer ndi ma block onse, leaf yowonjezera tinachotsa, ndinagula mashoko atsopano abwino anayi. Matayala a matope aja ndinagulitsa motchipa kwa munthu wa Land Cruiser, ndinaika 265/70R17 a all terrain, amene amakweza difu pang'ono chabe, ngati chala chimodzi, koma sakhula paliponse ndipo sipeya ikulowa malo ake. Ndinagulanso kakompresa kopopera, poti ndinaona kuti kuphwetsako mpweya pang'ono polowa m'matope kapena mumchenga kumandithandiza kuposa zitsulo zonse zija, ndi fosholo ndi chingwe cholimba zimene sizichoka m'galimoto. Nyali nazo tinaziwongolanso, nthawi yonse ija anthu obwera kutsogolo ankandiphethirira ine nkumadabwa, osadziwa kuti ndikuwathobwa m'maso.

Dzinja lapitali kadambo kaja ndadutsapo kasanu ndi kawiri. Ndimatsika, ndimayenda wapansi kuona, ndimaika matayala a mbali imodzi pamwamba pa kamtumbira nkudutsa pang'onopang'ono. Nde mng'ono wanga, Loweruka likudzali ubwere ndi Hilux yakoyo kunyumba m'mawa, tikagone pansi pake ndi tepi tiyeze difu, kenako tipite kwa madala akaone mashoko ako kaye ngati ali moyo. Ma spacer aja akadali mu katoni mu sitolo, ukawaone ngati ukufuna, koma sindikugulitsa.