Chimbudzi pa puloti ya lendi: zomwe ndatolapo pa phunziro la chitukuko cha m'matauni

Phunziro la chitukuko cha m'malo othithikana limayamba ndi mawu akuluakulu, koma ukaliika pa mchenga wa Salima limathera pa funso limodzi: pa puloti pokhala mabanja asanu ndi limodzi, chimbudzi ndi cha ndani, ndipo chikadzaza akumbe china ndani?

Kuseri kwa Kamuzu Road ndi m'madooko a ku Senga Bay, pafupi ndi mahotela a mipanda, anthu ambiri ndi alendi, okhala m'nyumba za lendi: okwera kabaza, amayi oyanika usipa, anyamata a ganyu. Mwini puloti amafuna chipinda china cholipiritsa, osati chimbudzi. Walendi sangaike ndalama yake pa nyumba yomwe angathamangitsidwe mwezi wamawa. Kusiyana kumeneku n'kumene kumagwetsa ntchito zambiri, chifukwa pamsonkhano wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, amene amalankhula ndi eni malo, alendi amangoonedwa ngati odutsa.

Njira ya bungwe la CCODE (Centre for Community Organisation and Development), lomwe linayamba mu 2003 ndipo limagwira ntchito ndi chitaganya cha anthu osauka cholumikizana ndi Slum Dwellers International (mgwirizano wa anthu okhala m'malo othithikana a m'maiko osiyanasiyana), imayamba ndi kalembera wochitidwa ndi anthu okhala m'deralo. Apa pali msampha. Mukawerenga mapuloti mupeza kuti pafupifupi puloti iliyonse ili ndi chimbudzi, lipoti lioneka bwino. Werengani makomo. Pa khomo lililonse lembani anthu angati, ndi alendi kapena eni, amatunga kuti madzi, ndowa ya malita 20 amagula ndalama zingati, ndipo chimbudzi amagawana ndi mabanja angati. Kenako jambulani mapu osonyeza zitsime, zimbudzi ndi modutsa madzi a mvula. Chitsime chiyenera kutalikirana ndi chimbudzi mamita osachepera 30, ndipo mapu amaonetsa msanga kuti pa mapuloti ang'onoang'ono mtundawu supezeka.

Dzenje wamba siligwira m'mbali mwa nyanja. Mchenga umagumuka, madzi apansi ali pafupi, ndiye mvula ya Januwale ikagwa silabu imatitimira ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anavuta kwambiri m'maboma a kunyanja, Salima ndi Nkhotakota ali m'gulu lomwelo.

N'chifukwa chake chimbudzi cha ecosan chomangidwa pamwamba pa nthaka chili choyenera kuno. Chimakhala ndi zipinda ziwiri za njerwa zopaka simenti, chilichonse ndi kachitseko kumbuyo. Silabu ili ndi njira yapadera ya mkodzo yopita mu chigubu kapena m'kadzenje ka miyala. Mumagwiritsa ntchito chipinda chimodzi, ndipo aliyense akamaliza amathira dothi louma losakaniza ndi phulusa, makapu atatu a dothi pa kapu imodzi ya phulusa. Chikadzaza mumatseka kwa miyezi isanu ndi umodzi n'kusamukira chinacho, pambuyo pake mumafukula manyowa.

Zolakwika zake n'zodziwika. Madzi akalowa m'chipinda, kaya osambira kaya otawasira, mumabwera fungo ndi mphutsi. Ichi n'chofunika kwambiri ku Salima ndi Nkhotakota komwe Asilamu ndi ambiri, choncho pamangidwe malo otawasira okhala ndi paipi yakeyake kuyambira pachiyambi. Paipi ya mkodzo ikakhala yopapatiza kapena yosapendekeka imatsekeka ndi phulusa. Ndipo zipinda zomangidwira banja limodzi zikagwiritsidwa ntchito ndi anthu 30, chachiwiri chimadzaza choyamba chisanapse, anthu n'kufukula zaziwisi. Kalembera wa makomo uja ndiye amauza mmisiri kukula kwa zipinda.

Za ndalama, chitaganya chimadalira kusunga pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ndi ngongole yozungulira ya thumba lake la ndalama lotchedwa Mchenga. Ngongole ya chimbudzi itengedwe ndi mwini puloti, popeza nyumbayo ndi yake. Komatu pakhale pangano lolembedwa pamaso pa amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo, lonena kuti lendi sikwera kwa nthawi yomwe agwirizana, kiyi akhale ndi khomo lililonse, ndipo ntchito yosesa ndi yobweretsa phulusa izizungulira. Popanda panganoli, ndimaona kuti ntchito yonse yathandiza wolemera kale: chimbudzi chikatha lendi imakwera, osauka aja amasamukira kumalo otsika kumene madzi amadikha, ndipo khonsolo imalemba kuti dera latukuka.

Mu komiti yoyang'anira ngongoleyi, theka la mipando lipite kwa alendi, ndipo buku la ndalama liziwerengedwa poyera pa msonkhano uliwonse, wosunga buku akhale wina, wosunga ndalama wina.