Zomwe ndinapeza pansi pa njanji ku Akihabara

Amalume anga akhala akukonza mawailesi pakhonde la sitolo ina ku Ndirande kuyambira ine ndisanabadwe. Nditawauza kuti akuntchito akunditumiza ku Japan kukachita maphunziro a makompyuta kwa masabata atatu, sanafunse za ndege kapena zomwe ndizikadya. Anangoti, "Ukandigulireko kachitsulo kowotcherera mawaya. Ka ku Japan kenikeni, osati tamasiku ano tongopsa sabata isanathe." Abale ena onse ankandituma magalimoto. Wina anati ndikamuonereko mtengo wa Sienta, ngati kuti ndikabwera nayo m'chikwama.

Za ulendo sindichulukitsa gaga m'diwa. Tinanyamukira ku Lilongwe, kusintha ndege ku Addis Ababa, kuima pang'ono ku Korea, kenako kutera pa bwalo la ndege la Narita, kufupi ndi Tokyo. Nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7, ndiye masiku oyamba ndinkasinza m'kalasi masana n'kumakhala maso gwa usiku. Lamulungu lachiwiri thupi litazolowera, anzanga anagwirizana zokaona nsanja zitalizitali ndi kugula mafuta onunkhira. Ine ndinawatsanzika. Dzina la Akihabara, dera la masitolo a zamagetsi ndi magemu mumzinda wa Tokyo, ndinalimva kalekale ndili pasukulu, ndipo sindikanabwerera kumudzi osapondako.

Ndinakwera sitima ya Yamanote, ya mzere wobiriwira ija, yomwe imangozungulira pakati pa Tokyo pafupifupi ola limodzi n'kubwerera pomwe inayambira. Kuchokera pa siteshoni ya Tokyo, mumadutsa Kanda basi, yotsatira ndi Akihabara. Chikwangwani cha potulukira chimati Electric Town, ndipo mukangotuluka maso amachita chidima ndi mitundu. Zithunzi za makatuni zotalika ngati nyumba zosanja zisanu, nyimbo zotuluka m'sitolo iliyonse, aliyense ndi yake. Lamulungu masana msewu waukulu wa Chuo-dori amautseka, magalimoto osadutsa, anthu n'kumayenda pakati pa msewu mwaufulu. Chodabwitsa n'chakuti khamu lonselo palibe wokuponda chala, palibe wokugwira dzanja kuti "bwana tabwerani muone kuno." Ndinagwirabe thumba langa la ndalama mwamphamvu. Chizolowezi cha ku Limbe sichitha ndi ndege imodzi.

Azungu munthu wokonda makompyuta, magemu ndi mafilimu mopyola muyezo amamutcha geek. Ku Japan amati otaku. Mawuwa poyamba anali aulemu, otanthauza "nyumba yanu" kapena kungoti "inu", ndipo m'zaka za m'ma 1980 anasanduka dzina lonyozera anyamata omwe sadziwa kucheza ndi anthu, ongodzitsekera m'chipinda ndi makatuni. Kwathu tilibe dzina limodzi. Timangoti "wa mawaya uja", kapena "ameneyu mutu wake suyenda bwino." Ine ndinakula akunditchula onse awiri, chifukwa wotchi ya khoma ya amayi ndinaiphwasula ndili folomu 1 ndipo mpaka lero sinayendenso.

Ndinayamba ndi ntchito ya amalume. Pafupi ndi siteshoni, pansi penipeni pa njanji ya sitima, pali malo otchedwa Radio Center. Munthu utha kuwadutsa osawaona. Mkati mwake ndi tinjira topanikiza, anthu awiri kudutsana mpaka wina atembenukire cham'mbali, denga lake lalifupi, ndipo sitima ikamadutsa pamwamba mumaimva m'mano. Masitolo ake ndi aang'ono ngati benchi ya wogulitsa tomato. Wogulitsa amakhala kumbuyo kwa katundu wake ngati nkhuku yofungatira mazira, kutsogolo kwake timabokosi mazanamazana: maresisita, makapasita, matiranzisita, mafyuzi, maswichi, mawaya a mitundu yonse, ngakhale mababu agalasi a mawailesi amakedzana omwe ndinkangowaona m'katoni ya amalume. Kabokosi kalikonse kali ndi kapepala ka mtengo kolembedwa pamanja.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinauluka ulendo wonsewu kudzaona zam'tsogolo, koma malo oyamba kundigwira mtima anali ofanana ndi mzere wa okonza mafoni mumsika wa Blantyre. Ndipo mbiri yake ndi yomweyo. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, Tokyo ili phulusa, anthu anayamba kugulitsa zipangizo za mawailesi m'mphepete mwa misewu ya ku Kanda. Ana asukulu ophunzira zamagetsi ankagula zipangizozo, kulumikiza mawailesi n'kugulitsa. Mu 1949 akuluakulu analamula kuti mavenda achoke m'misewu, ndipo ambiri anakapatsidwa malo pansi pa njanji. Mavenda othamangitsidwa m'misewu, nkhani yoti sitiyenera kufotokozerana. Kusiyana kwake n'kwakuti awa pomwe anawasamutsira panamera mudzi wonse wa zamagetsi.

Kachitsulo ka amalume ndinakapeza pa benchi ya mdala wina wa imvi mbuu, wovala magalasi olendewera pakhosi. Kanali kokongola, chogwirira chake chokwana bwino m'dzanja. Ndinati "sumimasen", kutanthauza kuti "pepani", limodzi mwa mawu atatu a Chijapani omwe ndinkadziwa, n'kukaloza. Mdalayo anakatenga, anandiyang'ana, n'kufunsa dziko lomwe ndachokera. Ndinati Malawi. Sanalidziwe. Ndinati Africa. Anagwedeza mutu, anatembenuza paketi, n'kuika chikhadabo pa tizilembo tating'ono: 100V. Kenako anapingasa mikono yake pachifuwa ngati chizindikiro cha X, momwe Ajapani amanenera kuti ayi.

Manyazi anandigwira. Ine munthu woti ndimadya za makompyuta, ndinaiwala kuti magetsi a ku Japan ndi 100 volts pomwe athu ndi 230. Kachitsuloko kakanangofika ku Ndirande, kulowa pa soketi, phuu, utsi, ndipo amalume akanauza msika wonse kuti za ku Japan nazonso n'zabodza. Mdalayo akanatha kungolandira ndalama zanga, pakuti sindikanabweranso kudzadandaula. Mmalo mwake anawerama pansi pa benchi, n'kutulutsa mita yoyezera magetsi, ya singano, ya Sanwa, dzina lomwe mmisiri aliyense wa mawailesi kwathu amalidziwa ngakhale ambiri amagwiritsa ntchito zongokopera. Anatsegula kuseri kundionetsa kuti imayendera mabatire. Analumikiza nsonga ziwiri, singano inathamangira kumanja, iye anamwetulira ngati waona mdzukulu wake akuyamba kuyenda. Ndalama ndinaika pa kambale kamene kanali pa benchi, chifukwa kumeneko wogula nthawi zambiri sapereka ndalama pamanja, ndipo chenji anandibwezera ndi manja awiri.

Kuchoka apo ndinalowa Radio Kaikan, nyumba yosanja yomwe ili moyang'anana ndi siteshoni. Yoyamba inamangidwa mu 1962, yomwe ilipo pano anaitsegula mu 2014. Dzina likunena za wailesi koma wailesi sindinaione. Mwadzaza zidole za anthu a m'makatuni ndi m'mafilimu, makhadi, mabuku a zithunzi, maloboti apulasitiki. Muli timabokosi tagalasi tomwe munthu wamba amachita lendi mwezi ndi mwezi, n'kuikamo zidole zake kuti sitolo izimugulitsira. Ndinaona chidole chachitali ngati botolo la Fanta, mtengo wake nditauwerengera m'makwacha unakwana matumba a feteleza angapo. Pafupi nane panali bambo wamkulu ndithu, wa msinkhu wokhala ndi ana kusekondale, akuzunguza katoni ya chidole china pafupi ndi nyali, kufufuza ngati kona yake yapindika. Katoniyo siyenera kutsegulidwa. Ikatsegulidwa mtengo umatsika.

Apa mpomwe ine ndi chikhalidwe chimenechi timasiyana njira. M'nyumba ya dzina lomweli, mu 1976, kampani ya NEC inatsegula malo otchedwa Bit-INN, komwe anthu ankabwera kudzaphunzira za TK-80, kakompyuta komwe unkagula zidutswa n'kukawotcherera wekha kunyumba. Anthu omwe anayambitsa zonsezi anali otsegula zinthu, ofuna kudziwa chomwe chili mkati, osaopa kuwononga. Lero pamalo pomwepo ulemu ukupita kwa amene sanatsegule. Kukonda chinthu kwasanduka kugula chinthu. Mafilimu nawo ayenda njira yomweyo: makampani akuluakulu anazindikira kuti munthu wokonda nkhani inayake amabwereranso ngakhale umupatse chipere chomwecho kakhumi, ndiye chaka ndi chaka ndi ngwazi zomwezo zovala zothina, gawo lachiwiri, lachitatu, lachisanu ndi chiwiri, ndi malaya ake, makapu ake, zidole zake. Kale munthu ankanyozedwa chifukwa chokonda zimenezi. Tsopano amam'nyengerera, pakuti ndiye mwini thumba.

Koma ndisadziyeretse. Nditatuluka ndinapeza mzere wa makina a gachapon, omwe umaponyamo makobiri, kupotokola chogwirira, n'kugwa kampira kapulasitiki kokhala ndi kachidole mkati, osadziwa kuti kagwa kati. Ndinati ndiyese kamodzi ka 300 yen, kuti ndikapatse mwana wanga. Ndinayesa katatu. Kenako ndinalowa m'nyumba ya magemu, imodzi mwa zija zinali ndi dzina la Sega mpaka 2022 pomwe zinasanduka GiGO, ndipo makina a kangowe kotola zidole anandidyera makobiri a 100 yen osawerengeka popanda kundipatsa ngakhale kanthu. Pamwamba pake ndinakhala pa makina a Street Fighter, gemu yomwe ndinkadzitama nayo ku koleji. Wina anakhala pa makina a mbali inayo, sitinkaonana nkhope. Anandikwapula maulendo atatu osandilola ngakhale kudumpha. Nditasuzumira ndinapeza ndi bambo wa jekete, chikwama cha kuntchito chili pamiyendo. Anaweramitsa mutu pang'ono, ine ndinaweramitsanso wanga, n'kutuluka mwakachetechete.

Malo omwe anandifoola nkhongono ndi Super Potato, sitolo ya magemu akale yomwe mumakwera pa masitepe opanikiza kuti muifike. Pa shelefu panali Famicom ya Nintendo, yofiira ndi yoyera, yomwe inatuluka mu 1983. Ndinaiyang'ana n'kuseka ndekha. Ndiye mayi wake wa TV gemu ija ya makatiriji achikasu, yolembedwa kuti muli magemu 9999 pomwe enieni ndi asanu, yomwe mwana wa aneba athu anali nayo ndipo tinkamutungira madzi kuti atilole kugwira kwa mphindi zochepa. Sitinkadziwa kuti tikusewera chokopera. Katiriji ikakana tinkaiuzira mpweya, ndipo ndinaona mnyamata wina wa ku Ulaya akufotokozera bwenzi lake zomwezo ndi manja, akuuzira m'chikhatho. Tinayang'anana n'kumvana popanda mawu.

Pamenepo ndinakumbuka ma otaku athu omwe sitiwatchula dzina. Mnyamata wa pa vidiyo sho, wokhala pa benchi ya kutsogolo, yemwe filimu ya karate waionera kakhumi ndipo amauza aliyense zomwe zichitike ngakhale Chingerezi sachimva. Anyamata omwe masiku ano amamasulira mafilimu m'Chichewa, kuika nthabwala zawo pakamwa pa azungu ndi amwenye mpaka filimuyo kukoma kuposa mmene eni ake anaipangira. Ana omwe amadziwa kutsegula foni yokiyidwa asanadziwe kulemba kalata. Amenewa alibe ndalama zogulira zidole za m'galasi, ndiye chikondi chawo chimatulukira m'manja ndi pakamwa. Kwa ine amenewa ali pafupi ndi mdala wa pansi pa njanji kuposa bambo woyeza makona a katoni uja.

Pali zina zomwe sindinazikonde n'komwe. M'misewu ya kuseri mumaima atsikana ovala ngati antchito a m'nyumba, akugawa timapepala toitanira anthu ku malo omwera khofi komwe kasitomala amatchedwa bwana wa nyumba. Anzanga a ku Japan anati n'zosewera chabe, ndipo mwina n'zoona. Koma zithunzi zina zomwe ndinaona m'masitolo a mabuku, za atsikana ojambulidwa ndi nkhope za ana koma zovala zosayenera, zinandichititsa kutsika masitepe msangamsanga. Ndili ndi mwana wamkazi. Palibe kufotokoza komwe kungandisinthe maganizo pa chimenecho.

Dzuwa likupendeka ndinakwera kamtunda kupita ku Kanda Myojin, kachisi wa chipembedzo cha Shinto yemwe wakhala pamalopo kuyambira 1616. Ndi mphindi zochepa wapansi kuchokera pa phokoso lonse lija, koma kuli zii. Kumeneko amagulitsa zithumwa zoteteza makompyuta ndi mafoni, zina zomata pa laputopu, ndipo anthu a masuti amagula osachita manyazi. Kwathu munthu atapezeka ndi chithumwa pa kompyuta ya ku ofesi, mawa lake nkhani ili pa Facebook. Ndinaganiza zogulira seva yathu, kompyuta yaikulu ya kuntchito, yomwe imazima magetsi akangophethira, koma makobiri anali atathera kwa kangowe kaja. Ndinadya mpunga wa curry pa kasitolo kena pafupi ndi siteshoni n'kubwerera kogona, miyendo ili thapsa.

Mita ija ndinakaipereka Loweruka lotsatira nditafika. Ndinafotokoza za 100 volts ndi za mdala wopingasa mikono. Amalume anamvetsera, anati, "Ameneyo ndi mmisiri." Anaitulutsa m'katoni, katoniyo n'kuiponyera mwana wa mayi wogulitsa mandasi kuti azisewera nayo. Anayeza batire ya tochi, singano inasuntha. Anayeza ina yakufa, singano inangokhala. Kenako anaitembenuza chafufumimba, n'kuyamba kupapasa m'thumba la malaya.

"Amalume, mukufuna kutani? Ndi yatsopanotu imeneyo."

"Takhala chete iwe," anatero, sikuludiraiva ili kale pa sikuluwu yoyamba. "Ndingoona mmene anaipangira."