Makina omwe anakanika m'masitolo a kunja apeza ntchito ku Nchalo

Shopu yathu ya magemu ili kuseri kwa msika wa Nchalo, kachipinda kamalata ka mabenchi atatu ndi ma TV awiri. Tinatsegula mu 2016 ndi PlayStation yogula kwa munthu. Makasitomala athu ndi ana asukulu, akabaza odikira mabwana, komanso odula nzimbe mwezi ukatha. Onsewa chomwe amafuna ndi mpira basi: wina Chelsea, wina Manchester United, otsalawo kumbuyo kumachemerera.

Chaka chotsatira achimwene pochokera ku Joni ananditengera Wii U ya kampani ya Nintendo. Anaipeza motchipa chifukwa eni sitolo ankangofuna ichoke. Makinawa anaona zowawa. Wii yoyamba ya mu 2006 inagulidwa zoposa 100 miliyoni, poti rimoti yake umangoigwedeza ndi dzanja, agogo ndi zidzukulu n'kumasewera limodzi. Koma Wii U itatuluka mu Novembala 2012, makolo ambiri poona chogwirira chake chokhala ndi sikirini pakati ankayesa n'chongowonjezera pa Wii yomwe anali nayo kale. Mu 2013 masitolo a Asda ku Britain anaichotsa m'mashelefu. A EA, kampani yomwe inkapanga gemu ya mpira ya FIFA, anaipangira FIFA 13 yokha n'kusiya. Mu 2014 mkulu wa Nintendo, Satoru Iwata, anadula malipiro ake ndi theka kampani italuza, ndipo pofika Januwale 2017 kampaniyo inasiya kupanga makinawa itagulitsa 13.56 miliyoni okha. Wamalonda aliyense amene katundu wabwino anam'fera m'manja akudziwa mmene zimapwetekera.

Kuno nako sizinasiyane. Popanda FIFA yatsopano anyamata sankaiyang'ana n'komwe, moti inkakhala pansi pa tebulo itafunditsidwa chitenje kuopa fumbi. Mmodzi yekha ndiye ankaikonda, mwana wa achemwali anga, yemwe akaweruka pa kabaza ankathamangitsa timagalimoto ta Mario Kart 8 mpaka nthawi yotseka.

Mnyamatayu anachita ngozi pa njinga yamoto pamsewu wa M1 popita ku Ngabu, ng'ombe zitadumpha msewu madzulo. Mkono wamanja unathyoka chapafupi ndi phewa. Fupa litalumikizana, mkono sunkakwera kupitirira pachifuwa. A fiziyo, omwe amathandiza odwala kulimbitsa ziwalo kuchipatala, anamuuza kuti m'mawa ndi madzulo aziyendetsa zala pakhoma chokweza, koma ululu unamugwetsa mphwayi. Njinga inali itapita, ndalama palibe, iye kumangokhala pakhonde osayankhula ndi munthu. Mayi ake ankada nkhawa ndi kukhala chete kwakeko kuposa mkono.

Ndinamuitana kuti azindilondera shopu m'mawa. Wii U imawerenga madisiki a Wii yakale, ndipo tinali ndi Wii Sports. Muli gemu yogubuduza mpira kuti ugwetse mabotolo, yomwe imafuna uponye mkono kumbuyo kenako kutsogolo. Tinayamba tafunsa a fiziyo, iwo anavomera, nati gemu ya tenesi adikire kaye. Ndikumukumbukira mu Okutobala, dzuwa la kuno ku Chigwa likuwotcha malata, chingwe cha rimoti atamanga padzanja, thukuta lili kamukamu, mpira ukungogwera m'ngalande ya m'mbali. Ankaluma mano n'kunena kuti, "Malume, ibwezeni ndiyambirenso." Zala pakhoma ankaziwerenga ndi ululu, koma apa ankangofuna kupitirira zigoli za dzulo. Patapita miyezi anayamba tenesi, ndipo m'mawa wina ndinamupeza akukoloweka yekha katani pamwamba pa chitseko ndi mkono womwe uja. Anam'chiza ndi achipatala, ine sindingawalande ulemu umenewo. Gemuyo inangomuchititsa tsiku ndi tsiku zomwe iwo analamula, n'kumubwezera pakati pa anzake.

Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, magetsi anavuta dziko lonse ndipo mashopu ena a magemu anatseka. Ife tinagula sola ndi batire. Apa m'pomwe tinaona kuti Wii U imadya moto wochepa kwambiri poyerekeza ndi PlayStation 4, ndiye tsiku la mitambo ndi yokhayo yomwe imafika madzulo. Ana ang'onoang'ono ndi atsikana, omwe kale ankangosuzumira pakhomo, tsopano amalowa kudzaisewera.

Lero mwana wa achemwali uja ndiye amayendetsa shopu m'mawa, ndipo anaphunzira kukonza zogwirira zikafa mabatani. Pali bambo ena omwe anadwala sitiroko, amabwera ndi akazi awo ana asanaweruke kusukulu. Iye amawamanga chingwe padzanja n'kuima chakumbali yofookayo, ndipo anakana kuti tiziwalipiritsa. Vuto lathu pano ndi zida. Nintendo inatseka sitolo ya pa intaneti yogulitsa magemu a Wii U mu Malichi 2023, marimoti athu awiri atopa, ndiye aliyense wobwera ku Joni timamutuma kuti akaona rimoti ya Wii, ngakhale yakale, atitengere.