Kambuzi m'sipuleya

Ine ndine mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Kamwendo ku Mchinji, ndipo aliyense amene analowapo chikamwini akudziwa kuti mkamwini amayenda maso a mudzi wonse ali kumsana kwake. Ukagonereza pang'ono, nkhani yako yafika kale pachitsime. Ndiye chaka chatha apongozi atandipatsa kamunda kumtunda kwa dambo, ndinalumbira chamumtima kuti anthu aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi mlesi.

Ndinasankha tomato wa dzinja. Tomato wa Januwale ndi Febuluwale ndiye ndalama, chifukwa alimi ambiri amamuopa, moti mavenda a ku Lilongwe amachita kukulondola kumunda. Funso loti ambiriwo amamuoperanji silinandifike m'mutu. Ndinagula mbewu ya Tengeru, kufesa, kuwokera mbande 600, ndipo zinagwira mochititsa kaso. Madzulo ndinkaima m'mbali mwa munda manja ali kumbuyo, kuwerengera malata a nyumba imene ndinali ndisanaumbe n'komwe njerwa zake.

Kenaka kunagwa mvumbi wa masiku anayi. Dzuwa litatuluka ndinapeza masamba am'munsi ali ndi mawanga oderako, m'mbali mwake mwachikasu. Mkazi wanga anathyola tsamba limodzi, kuliyang'ana kamodzi kokha.

"Abambo ake a Chisomo, ichi ndi chiwawu. Ndi chomwe chija chinawathera amayi kachewere."

"Chiwawu chanji? Iyi ndi Tuta absoluta," ndinatero.

Dzinali ndinalimva pa wailesi, ndipo ndinalikonda chifukwa limamveka ngati mawu a kukhoti. Ndinkalitchula ngati mboziyo tinaphunzira nayo kalasi imodzi. Mayiyo anangoti "chabwino," chabwino uja wa azimayi amene tanthauzo lake ndi lakuti tionana kutsogoloku.

Ndinapalasa njinga kupita pa Kamwendo, kugula botolo la Cypermethrin, kubwereka sipuleya ya malita 16 kwa alamu anga, n'kupopera kawiri sabata imodzi. Zinafa zambiri ndithu: ziwala, agulugufe, akangaude, ngakhale njuchi zosalakwa. Mawanga okha ndi amene sanamve, anakwera mpaka masamba apakati. Ndalama nazo zinatha.

Nzeru yachiwiri ndinaitola pabawo. Mkulu wina anati iye nsabwe za m'masamba amathana nazo ndi tsabola wa kambuzi, adyo, masamba a nimu ndi kasopo pang'ono, kuviika usiku wonse. Za nsabwezo sananame, koma ine nsabwe ndinalibe. Anati tsabola akhale wodzaza manja awiri. Ine ndinaganiza kuti matenda a dzina la Chilatini sangamve manja awiri, ndiye ndinathira mbale yonse ya nsima. Ndinasinjira mumtondo wa apongozi iwo atapita ku kwaya, n'kusefa ndi chidutswa cha neti yakale ya udzudzu yomwe inali ndi zibowo zoti nkhuku n'kudutsa.

M'mawa ndinabereka sipuleya. Mizere iwiri yoyamba zinayenda bwino, fungo lokha likuyetsemulitsa mbuzi za eni ake kutsidya kwa dambo. Pamzere wachitatu kamlomo ka sipuleya kanatseka ndi njere za tsabola. Munthu wanzeru akanatsitsa sipuleya, kutulutsa mpweya, n'kumasula kamlomoko. Ine ndinapopa. Ndinapopanso. Ndinapopa mpaka chogwirira chinalimba ngati mpini wa khasu. Kenaka ndinathyola kaminga, kutembenuzira kamlomo kumaso kwanga kuti ndione bwino, chala china chili pachotsegulira, n'kutokosa.

Abale anga, kambuzi m'ndiwo ndi wina, kambuzi m'maso ndi winanso.

Dziko linazima. Ndinakuwa mawu amene sindikudziwa kuti ndi a chilankhulo chanji, n'kuliyatsa liwiro kulowera komwe ndinkaganiza kuti kuli chitsime, sipuleya ikundimenya kumsana, tomato wanga yemwe ndikumuponda ndekha. Ndinagwa kawiri. Podzuka kachiwiri dzanja langa linakhudza nsalu, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti wina wayanika chitenje pafupi. Ndinachikoka ndi mphamvu n'kuyamba kupukuta kumaso.

Chitenjecho chinayankhula.

"Bambo, kodi kwagwanji?"

Anali apongozi. Mayi amene kwa zaka zisanu ndi zinayi sindinawayang'anepo m'maso, amene tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, anali atabwera kudzathyola nkhwani, ndipo ine ndinali nditawavula chitenje cha paphewa. Ndinagwada pomwepo m'matope, maso ali chitsinzinire, n'kuyamba kupepesa. Anandiuza pambuyo pake kuti ndinkapepesa nthochi, iwo ali kumbuyo kwanga. Choipa kwambiri, pogwadapo bondo langa linapanikiza chotsegulira chija, ndipo kamlomo kamene tsopano kanali katatseguka bwinobwino kanamwaza kambuzi mumpweya. Apongozi anayetsemula kasanu ndi kawiri. Ndinawerenga.

Ananditsira madzi a pachitsime kumaso ndi chikho, ataima patali monga mwa mwambo. Maso anakanabe kutseguka. Tsono mkamwini sagwidwa dzanja ndi apongozi, ndiye anazula mtengo umodzi womangirira tomato, iwo kugwira uku, ine uku, n'kundikoka kudutsa pakati pa mudzi, pamjigo pali anthu, ana asukulu akudutsa, ine sipuleya idakali kumsana.

Mlangizi wa zaulimi anabwera patatha masiku awiri, ataitanidwa ndi mkazi wanga. Anakweza tsamba padzuwa n'kundionetsa kuti Tuta imadya m'kati mwa tsamba n'kusiya timawindo toyera, kambozi kali momwemo. Anga anali mawanga okhala ndi timizere tozungulira ngati pachitsa cha mtengo wodulidwa. Chiwawu. Anati chimayamba ndi bowa wosaoneka ndi maso amene amakonda chinyezi, ndipo mankhwala a tizilombo samukhudza, kaya uthire botolo lonse. Amafuna Dithane kapena mankhwala a kopa, ndipo amenewa ndi otchinjiriza: umayamba kupopera matenda asanalowe, sabata ndi sabata mvula ikamagwa. Anandilamula kuthyola masamba onse odwala n'kuwakwirira kutali, kuphimbira nthaka ndi udzu kuti madontho a mvula asamathovukire dothi pamasamba, ndi kusalowa m'munda masamba ali onyowa. Anafunsanso chimene chinalimidwa pamalopo chaka chinacho. Mkazi wanga anayankha mokweza kuposa mmene funsolo linkafunira: "Kachewere." Mlangizi anangopukusa mutu, nati tomato ndi kachewere ndi pachibale, matenda awo amapatsirana.

Kenaka anandiyang'anitsitsa. "Nanga masowa mwatani, achimwene?"

"Fumbi," ndinatero. Mu Febuluwale, matope ali m'maondo.

Pa mbande 600 zija zinapulumuka pafupifupi 200, ndipo ndinakolola madengu atatu, okwanira kubweza ngongole ya mankhwala ndi kugulira apongozi chitenje chatsopano. Mtondo uja nsinjiro zake zinawawa milungu iwiri, mpaka phala la ana. Pamjigo tsopano amanditchula kuti a Tuta. Sabata yathayi Chisomo anabwera kuchokera kwa agogo ake ndi uthenga: akuti tsiku lomwe ndidzapoperenso ndiwadziwitse kudakali m'mawa, iwo akathyole nkhwani kwina.