Sabata ya zitenje ndi mathaulo m'chipinda cha mafizo

Lolemba kiliniki inadzaza, koma amene wakhala m'maganizo mwanga sabata yonse ndi mwana wamkazi wa miyezi 9 amene anabanika pobadwa. Khosi lake silinalimbe mpaka pano. Amayi ake ankamudyetsa phala atamugoneka chagada pamiyendo, mutu uli lende kumbuyo, ndipo supuni iliyonse ankatsamwa. Mwanayu wagonekedwa kale m'chipatala kawiri chifukwa cha chibayo. Mutu ukagwera kumbuyo chonchi, phala limalowa mosavuta m'njira ya mpweya m'malo mopita kumimba.

Ndinawapempha chitenje chomwe anaberekera mwanayo. Tinachipiringiza ngati nkhata n'kuchiika kuseri kwa khosi ndi mapewa, thaulo lopinda tinaliika pansi pa mawondo kuti chiuno chipindike asamadzikankhire kumbuyo. Anakhala tsonga, chibwano chitatsika pang'ono.

"Mayi, musafulumire. Yang'anani pakhosi apa, ameze kaye."

Masupuni 6 anapita osatsamwa. Amayiwo anangoti, "Adokotala, chitenje chomwechi?" Misozi inalengeza, ndipo nanenso ndinakhudzidwa kwambiri.

Ndimakakamira nsalu ya mayi mwiniwake chifukwa ndinalakwitsapo. Chaka changa choyamba ndinkaphunzitsa ndi mapilo a siponji a chipatala, amayi n'kubwerera kumudzi komwe kuli mphasa ndi bulangete limodzi. Pobwera mwezi wotsatira palibe chimene chinkasintha.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinali ku nazale, kukonza tizisa ta mathaulo mozungulira ana obadwa masiku asanakwane, pa nthawi imene sali pa kangaru (kufungatidwa pachifuwa cha mayi, khungu ndi khungu), kuti manja ndi miyendo zikhale zopinda monga zinalili m'mimba.

Lachinayi linali la masewera. Mwana wa miyezi 5 amene amalira akangogonekedwa chafufumimba tinamuikira thaulo lopiringiza pansi pa chifuwa, m'khwapa, manja patsogolo. Bambo ake anagwada kutsogolo kwake akugwedeza botolo la nyemba lotsekedwa bwino. Mwana anadzutsa mutu kufuna phokosolo, anausunga masekondi angapo, kenaka anaugwetsa pa thaulo. Tinabwereza katatu n'kumusiya apume. Abambo safika kawirikawiri kuno, choncho ndinawapatsa nthawi yochuluka.

Lachisanu mtima unandigunda. Agogo ena anandiuza mosangalala kuti mdzukulu wawo tsopano amagona usiku wonse atamutchinjiriza ndi mabulangete uku ndi uku, "monga munationetsera." Vuto linali langa: ndinawaonetsa kapiringizidwe, koma sindinanene nthawi yake. Khanda likatembenukira nkhope m'bulangete usiku likhoza kubanika, ndipo kunyumba kulibe anamwino oyang'anira ngati ku nazale.

"Agogo, izi ndi za pakudya ndi posewera, mwana ali maso, inu muli pompo. Akagona tulo muzichotsa zonse, agone chagada pamalo osalala."

Ndinawapempha kuti abwereze zimene ndanena, kenaka ndinadzuka kukawauzanso amayi onse amene anali pabenchi ndisanaitane wotsatira.